Sikweya Yopendekeka

12 Januwale

Okondedwa Bambo,

Landirani moni, inu ndi Amayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti maso amandiwawa chifukwa choyang'ana kompyuta tsiku lonse. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumangoti "tili bwino" kenako n'kupatsira Amayi. Paja mumati mawu apafoni alibe siginecha.

Ndili ndi nkhani. Kampani yathu ija yojambula makatuni otsatsa malonda yapatsidwa ntchito yatsopano, yopanga mavidiyo afupiafupi ophunzitsa jometiri kwa ana a sekondale. Abwana atafunsa kuti ndani amadziwa masamu, aliyense anangoweramira padesiki yake. Ine ndinakweza mkono. Musaseke. Ndikudziwa kuti masamu ndinakhoza mokwawa, koma ndinakulira m'nyumba imene ngakhale buledi amadulidwa ngati pali rula. Ndiye andipatsa udindo wotsogolera. Tilipo anayi m'kachipinda ka pansanjika yachitatu, windo lake loyang'anizana ndi khoma la nyumba ina.

Mabuku amene atipatsa ndi ouma ngati chikuni. Nditawerenga masamba atatu ndinayamba kusinza, nanji mwana. Ndiye ndakumbukira kope lanu lalikulu lachikuto chakuda, limene mumakonzeramo maphunziro. Mungandibwereke? Ndilisamala. Ndikufuna ndione mmene mumafotokozera zinthu kuti mwana amve.

Bondo la Amayi lili bwanji? Nanga denga la kukhitchini munakonzetsa? Mundilembere zonse, osati mizere itatu yokha.

Ndine mwana wanu uja wokuberani choko n'kumajambula pakhoma,
Kachoko

3 Febuluwale

Mwana wanga,

Kalata yako ya pa 12 Januwale ndalandira. Tili bwino. Bondo la mayi ako likupezako bwino. Denga likudontha pamalo omwe aja.

Kope ndatumiza pamodzi ndi kalata ino. Lili ndi masamba 212, ndipo libwere ndi masamba 212. Ndakhala ndikulembamo kwa zaka 31. Dziwa kuti ndinkalembera ine mwini, osati owerenga. Zambiri sindinalembe chifukwa zili m'mutu. Pakakuvuta penapake, undifunse.

Za makatuni sindikuzimvetsa bwino. Ndikuganiza kuti ukufuna kudzikumbutsa masamu kuti usachite manyazi pamaso pa abwana ako. Zimenezo n'zabwino.

Kusukulu kwabwera ahedi atsopano. Ndi wachinyamata, ndinamuphunzitsa ndekha ali fomu 2. Amakonda misonkhano. Kalasi yanga yolemba mayeso chaka chino ili ndi ana 52. Muli mtsikana wina, mwana wa telala, amakhala kutsogolo pafupi ndi windo. Amafunsa mafunso mpaka belu kulira, ndipo anzake amamuda chifukwa amawachedwetsa kutuluka. Ine ndimamudalira.

Ukhululuke kuti zilembo zanga zapotoka. Cholembera chake n'chachabechabe.

Bambo ako

20 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni kwa nonse. Pepani kuti ndakhala nthawi osalemba, ntchito inatigwira pakhosi. Koma tamaliza. Mavidiyo 12, iliyonse ya mphindi zisanu.

Ndikanakonda mukanakhala pano kuti muone kope lanu likuyenda. Thirayango ija mumaing'amba ngodya zake zitatu n'kuzindandalika pamzere umodzi, tsopano imadzing'amba yokha. Seko, chozungulira chija, imagubuduka ngati tayala n'kusiya mzere pansi kuti ana auyeze. Makwerero otsamira khoma amatsetsereka, ngodya n'kumasintha pamaso pako. Mnzanga wina amene anathawa masamu kusukulu anaonera kawiri, n'kunena kuti, "Bwanji sanandiuze chonchi kalekale?"

Tsopano chinsinsi. Mavidiyo amafunika wofotokoza, ndiye ndinajambula mphunzitsi. Ali ndi dazi, magalasi pansonga ya mphuno, ndi jekete ya bulauni yokhala ndi fumbi la choko pathumba. Dzina lake ndi a Ngodya, lomwe lija anakupatsani ana asukulu. Mawu ndi a mnzanga wa kuntchito, koma ndinamuphunzitsa kayankhulidwe kanu mpaka "Tiyeni tione ngati maso akutinamiza."

Imene ndimaikonda kwambiri ndi ya nambala 9, yochokera pa tsamba 88. Felemu ya timatabwa tinayi yaima bwinobwino ngati sikweya, kenako a Ngodya akuikankha pang'ono, iyo n'kupendekeka ngati munthu woledzera. Ndiye akunena mawu anu enieni: "Mbali zonse zinayi sizinasinthe, choncho malo am'kati sanasinthe." N'zosavuta kumva, n'zokongola kuona.

Katswiri amene kampani inamulemba anaziona zonse m'masiku awiri n'kuvomereza. Mwezi wamawa zikupita m'masukulu, ndipo ndinapempha ndekha kuti sukulu yanu ikhale m'gulu loyamba. Sindinakuuzeni msanga chifukwa ndimafuna mudzadzidzimuke. Zaka zonsezi mwakhala mukuphunzitsa ana makumi asanu pachaka. Tsopano muphunzitsa dziko lonse.

Mukaonera mundiuze moona, ngakhale dazi ndalikulitsa.

Mwana wanu,
Kachoko

9 Juni

Bambo,

Moni. Kodi kalata yanga ya mu Epulo inafika? Ndamva kuti zipangizo zinaikidwa kusukulu kwanu mwezi watha, koma inu zii. Ndikaimba foni, Amayi amati muli kosamba. Ndaimba kasanu ndi kawiri, m'mawa ndi masana omwe.

Ngati mwakwiya chifukwa cha kope, lili bwinobwino, masamba onse alipo. Ngati ndi dazi lija, ndikhoza kupempha kuti tijambulenso. Ingondiuzani chimene chavuta. Ngakhale mizere itatu ija ndiilandira.

Kachoko

21 Juni

Mwana wanga Kachoko,

Ndakupatsa moni, ndine mayi ako. Ndikulemba bambo ako ali kusukulu, sakudziwa. Makalata ako onse awiri anafika. Anawerenga, ali pansi pa wotchi pashelefu. Zakuti ali kosamba ndinkakunamiza. Munthu angasambe mwezi wathunthu?

Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, koma ndatopa kusenza ndekha. Dzanja lamanja la bambo ako limanjenjemera. Zinayamba chaka chatha. Poyamba tiyi ankangotayikira m'sosala, ine n'kumawaseka kuti akumwetsa tebulo. Pano mabatani a malaya ndimawamangira ndine. Adokotala anati ndi matenda a m'mitsempha, sachira, mankhwala amangochedwetsa. Ukukumbukira mmene ankajambulira seko pabolodi popanda kampasi, ana n'kuwomba m'manja? Mu Febuluwale anayesa, inatuluka ngati mbatata. Ana anaseka, nkhani inafika kwa ahedi.

Ndiye mu Meyi kunabwera anthu ndi sikirini yaikulu. Anaikhomera pakati penipeni pa bolodi lawo. Ahedi ananena pamaso pa aphunzitsi onse kuti, "A Ngodya tsopano apumako, apeza wowathandiza wosatopa." Anawapatsa rimoti. Atayatsa, kunatulukira kamunthu kadazi, kajekete ya bulauni. Akuti kalasi yonse inagwa pansi ndi kuseka. Kenako kamunthuko kanatenga choko n'kujambula seko kamodzi n'kamodzi, yosalala ngati mbale. Bambo ako ali chiimire pambali, dzanja m'thumba.

Tsiku limenelo anafika kunyumba, anavula jekete ija n'kuikoleka kuseri kwa chitseko. Sanaivalenso. Anandifunsa kuti, "Unamuuza liti za dzanja langa?" Ndinalumbira kuti sindinakuuze, sanandikhulupirire. Akuganiza kuti unamva, n'kupangana ndi ahedi kuti apeze njira yowakhazika pansi mwaulemu. Anati, "Mwana wanga wandiumba wina wosanjenjemera."

Masiku ano amakhala kumbuyo kwa kalasi, ntchito yawo kudina batani. Akamadutsa mumsewu ana amawayeserera ndi mawu a kamunthu kaja. Chakudya amangotola ngati mbalame. Lamba ndabooletsa kale bowo lina.

Ine ndikudziwa kuti unachita ndi mtima wabwino. Koma mwana wanga, nkhope ya munthu sutenga osapempha, ngakhale akhale bambo ako. Alembere. Usanene kuti ndakuuza ndine, ngakhale adziwa basi, si opusa.

Mayi ako

6 Julayi

Okondedwa Bambo,

Moni. Musawakalipire Amayi. Anachita bwino kundiuza, ndipo woyenera kundiuza munali inu.

Sindinkadziwa za dzanja lanu. Ahedi anuwo sindinayankhulepo nawo, ngakhale nkhope sindikuwadziwa. Ndinajambula munthu amene ndinkamusuzumira pawindo la kalasi ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, basi. Ndikanadziwa, seko ija ndikanaichotsa, mwina sindikanajambula n'komwe. Ndalakwa posakupemphani, ndipo ndikupepesa. Koma inunso mwandipweteka. Chaka chathunthu mukudwala, n'kundilembera kuti cholembera n'chachabechabe. Ndine mlendo kodi?

Pali nkhani ina, ndipo ndikanakonda mukanaimva nthawi ina. Mphunzitsi wina wa sukulu yakutali analembera kampani kuti vidiyo ya nambala 9 ikuphunzitsa bodza. Patangopita masiku atatu analemba enanso anayi. Abwana anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko. Ndinawauza kuti n'zosatheka. Nditabwerera padesiki ndinatsegula chithunzi chija n'kupitiriza kukankha felemu, kupyola pamene tinalekezera m'vidiyo. Inapendekeka, inapendekekabe, mpaka inagona pansi ngati ndodo. Mbali zinayi zili chomwecho, koma m'kati mulibe malo ngakhale oika singano. Ndinakhala pamenepo mpaka anzanga anapita kukadya n'kubwerako.

Ndayang'ana tsamba 88 kangapo. Sindinakopere molakwika, mawu ndi omwewo. Bambo, aliyense amaphonya, ndipo mwina palibe mwana amene anakufunsanipo zaka zonsezi. Musadandaule. Dzina lanu silituluka. Abwana ndawauza kuti kope linali lolondola, ndine ndinasokoneza pokopera. Katswiri uja akuti iye anangowerenga mothamanga, anaganiza kuti ndi lamulo lina lofanana nalo. Mavidiyowa ali m'masukulu opitirira mazana atatu, ndiye wina ayenera kusenza mlanduwu. Ndisenza ine. Akuluakulu akumana kumapeto kwa mwezi kuti aone chochita nane.

Chimene ndikupempha n'chimodzi. Ana anu musawaonetse vidiyo imeneyo, ndipo ngati anaonera kale muwakonzere mayeso asanafike. Mukumwa mankhwala?

Mwana wanu,
Kachoko

25 Julayi

Mwana wanga,

Zilembo ukuonazi ndi za mayi ako. Ine ndikunena, iwo akulemba. Ndayesa ndekha katatu, mapepala ali m'bini.

Kalata yako ndalandira. Za dzanja ndakumva, ndipo ndakukhulupirira. Ndinakuganizira zoipa, mayi akonso ndinawaganizira zoipa. Koma si chimene chandichedwetsa kuyankha.

Tsamba 88 sindinaphonye. Ndi msampha. M'kabati ya m'kalasi mwanga muli felemu ya timatabwa tinayi, ndinakhoma ndekha chaka chimene unabadwa. Chaka chilichonse ndimaikankha pang'ono, ndimalemba chiganizo chabodza chija pabolodi, kenako ndimakhala pansi n'kudikira. Nthawi zina mphindi zisanu. Chaka china ndinadikira masiku awiri. Ndimadikira mwana mmodzi woti alimbe mtima n'kunena kuti, "Aphunzitsi, si zoona." Akatero ndimamupatsa felemu kuti aikankhe mpaka igone, n'kufunsa kalasi kuti malo apita kuti. Akatero amazindikira okha kuti chofunika si mbali zokha, koma kutalika kuchoka pansi kufika pamwamba. Yankho sindinalembe m'kope chifukwa phunziro la tsiku limenelo silinali la sikweya. Linali lakuti wa kutsogolo akanama, umuuze.

Vidiyo yako ya nambala 9 ndinaionera ndi kalasi pa 27 Meyi. Kamunthu kako katangotsegula pakamwa ndinadziwa chimene chachitika. Rimoti inali m'dzanja langa. Sindinaimitse. Ndinafuna kuti kagwe, anthu aone kuti kamene kajambula seko yosalala kalibe nzeru. Ndinadziwa kuti kakagwa, ugwa nako. Ndinadziuza kuti ndikulembera mawa, ndipo mawa lililonse ndinkakumbukira kuseka kuja.

Mayi ako akuti ndilekere pomwepa. Ndawauza kuti alembe.

Vidiyo itatha, mwana wa telala uja anakweza mkono. Sanayang'ane sikirini, anatembenukira kumbuyo kumene ndinali. Anati, "Aphunzitsi, koma ndi zoona? Ine ndikuona ngati malo akuchepa." Ndi funso limene ndakhala ndikulidikira chaka chilichonse kwa zaka 31. Ndinamuyankha kuti, "Wamva zimene anena a Ngodya. Lemba." Anzake anamuseka. Analemba.

Pamayeso oyeserera a mu Juni munali funso la mtundu womwewo. Mwa ana 52, olakwa anali 47. Pepala la mtsikanayo ndinalichonga ndine. Anali atalemba yankho lolondola, kenako analikhwatcha n'kulemba la m'vidiyo.

Nditawerenga kuti wasenza mlandu kuti uteteze dzina langa, ndinapita kwa ahedi n'kuwauza zonse. Kenako ndinalowa m'kalasi, ndinazimitsa sikirini, ndinatulutsa felemu. Inandipulumuka n'kugwa pansi. Palibe anaseka. Ndinaitana mtsikanayo kuti aitole, ndinamuuza kuti aikankhe mpaka kumapeto. Anaikankha, inagona. Ana onse anaona.

Kenako mtsikanayo anandifunsa pamaso pa onse kuti, "Ndiye tsiku lija munkadziwa?"

Ndinati, "Ndinkadziwa."

Anaika felemu patebulo bwinobwino n'kubwerera pamalo pake. Papita milungu iwiri. Amabwera tsiku lililonse, amalemba zonse, koma mkono sakwezanso. Belu likalira amatuluka ndi anzake.

Ndaikamo kalata ina yopita kwa abwana ako, yofotokoza za tsamba 88 ndi za tsiku limene ndinadziwa. Upereke. Teremu ino ikatha ndikupuma ntchito, ndapempha ndekha. Sindikudziwa kuti munthu amayambira pati kupepesa kwa mwana wake.

Bambo ako

Apa atuluka panja, ndiye ndiwonjezere zanga. Ine za msamphazi ndazimva lero, cholembera chili m'manja. Ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu, sindinawaonepo chonchi. Sindikuwaikira kumbuyo. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kuno zadya wamkulu, zapota ana. Ukafuna kukwiya, kwiya, ndi ufulu wako. Koma usakhale chete, m'nyumba muno chete watikwana.

Mayi ako

4 Ogasiti

Bambo ndi Amayi,

Moni. Makalata anafika Lachiwiri. Akuluakulu anali atakumana kale Lachisanu lapitalo.

Ntchito sanandichotse, koma udindo andilanda. Ndabwerera kuchipinda chakale, ndikujambula thovu la sopo. Vidiyo ya nambala 9 aichotsa, ndipo masukulu onse alembedwa kalata yowachenjeza. Ndinapempha kuti ndiikonze ndekha, anakana. Aipereka kwa mnzanga uja amene anathawa masamu.

Kalata yanu ndinapereka. Abwana anawerenga ataimirira, kenako anati sizisintha kanthu, munthu wokopera chimene sakuchimvetsa sangatsogolere anzake. Sindinatsutse, chifukwa ndi zoona.

Bambo, kuyambira pa 27 Meyi mpaka tsiku limene mphunzitsi uja analemba panadutsa milungu isanu. Mzere umodzi ukanakwana. Ndayamba kalata ino kanayi, ndikafika pamenepa ndimaika cholembera pansi. Sindikuuzani kuti zatha, chifukwa sizinathe. Za ine tidzakambirana. Koma mtsikanayo musamusiye choncho. Mwatsala ndi milungu itatu. Ngati sakweza mkono, pitani kwa telala mukamupepese pamaso pa bambo ake.

Ndapempha tchuthi cha sabata imodzi. Ndapezanso dokotala wa mitsempha kuno amene wavomera kukuonani pa 16, ndiye pobwerera tidzakwera limodzi. Musakane, ndalembetsa kale. Amayi, musavutike kukonza zambiri, ndipo musatikhazike pansi tsiku loyamba lomwelo kuti tigwirane chanza.

Ndifika Loweruka. Basi imafika cha m'ma 4 koloko masana. Musadzandichingamire, ndidzayenda ndekha.

Mwana wanu